Mizere ya Choko

Atate anagulitsa soya wa zaka ziwiri
ndi nkhunzi ija yokana goli,
nakwera minibasi ya ku Lilongwe tambala asanalire.
Madzulo anatsika ndi mabokosi awiri
otalika ngati ana a sitandade folo,
atawafunditsa bulangete la amayi.
A pa Kamwendo anati kuli ukwati,
ena anati a Gomonda akutsegula bala.
Ukwati sunachitike, bala sinatsegulidwe.
Anali masipika a munthu mmodzi
ndi mpando umodzi wa chikopa chosupuka.

Amayi anawakankhira kukhoma,
poti katundu wa m'nyumba kwawo ndi kukhoma.
Atate anagwira kumutu.
Nachisale, kukhomako besi imatupa
ngati mimba ya mwana wodya mango anthete,
ukawaika pangodya ndiye basi,
gu gu gu, chigayo cha dizilo.
Atulutseni apume.

Anawatulutsa mapazi atatu.
Anadula chingwe cha khonje, nayeza:
sipika mpaka sipika, sipika mpaka mpando,
mpando mpaka sipika inayo,
konse chingwe chomwecho, osatsalako ndi chala chomwe.
Kenaka anawapotoza pang'ono
kuti asamayang'ane munthu maso ndi maso,
azingomuonera chammbali
ngati mkamwini polonjera apongozi.
Tebulo lagalasi linasamukira kuchipinda.
Zenera linavekedwa katani lolemera.
Pasimenti anayala mikeka iwiri,
amvekere mawu akamenya pouma amabwerera ndi mnzake wabodza.
Atatha anagwada ndi choko cha kusukulu kwathu
nazunguliza mapazi a sipika iliyonse.

Tsiku lina anandikhazika pampandopo.
Tsinzina, Felista.
Mabokosi aja anasowa.
Pakati, pomwe pali kalendala ya kutchalitchi,
panaima mayi woimba,
ndinamva milomo yake ikulekana asanayambe mawu.
Wa gitala anali cha kukhomo,
chala chake chikukwekwesa waya.
Wa ng'oma anakhala kuseri kwa khoma lenilenilo,
panja, pomwe timamanga mbuzi.
Ndinapendeketsa mutu pang'ono chabe,
mayi uja anathawira m'bokosi.
Ndinabwerera, nayenso anabwerera.
Atate anaseka mpaka kutsokomola.

Loweruka lililonse ndimakolopa ndine.
Chikolopa chimadziwa malire,
chimalambalala choko ngati njinga pa dzenje.

Ndi ine ndinayamba kuona.
Mvula itayamba chaka chatha,
pa sipika ya kumanzere panabadwa mzere wachiwiri,
patsogolo pa woyamba ngati zala ziwiri.
Pokolola unabwera wachitatu.
Ya kumanja ili pomwepo, siinasunthe.
Ya kumanzere ikuyenda,
ikukwawira kumpando mwezi ndi mwezi
ngati galu wofuna kusisitidwa.

Amayi akaitana ali kumanzere kwawo
atate amangoti duu, kuyang'ana kalendala.
Kutchalitchi anasintha benchi.
Pa foni amasinthitsa dzanja.
Za kuchipatala cha pa Boma musazitchule,
amati kumeneko nkwa odwala.

Dzulo magetsi atabwera cha m'ma eyiti
anandiitananso.
Ndakonza pang'ono, tamva.
Ndinakhala, ndinatsinzina.
Mayi woimba uja sanali pa kalendala.
Anali atasunthira kukhomo,
ataunjikana ndi wa gitala,
ngati anthu obisala mvula pakhonde la sitolo,
ndipo kumanja kunali bwalo lopanda munthu.

Atate anaima kumbuyo kwanga,
dzanja lawo pa mpando, choko chili m'zala.
Ndinamva akupuma.
Ali pakati, eti?

Mizere ija ndinaiwerenga m'mawa pokolopa,
yakwana isanu ndi iwiri,
ndipo pakati pa sipika ndi mwendo wa mpando
patsala malo okwana phazi langa ndi theka.

Ali pakati, atate.