Mano Awiri, Mano Atatu

Pa msewu wa Chinhoyi, kuseri kwa makombi a ku Mufakose,
Takesure wayala malonda ake pa chitseko chakale
chogonekedwa pa makreti awiri a mowa:
matchaja, nthambo, mabatire otupa ndi dzuwa,
ndi timapulagi ta mayiko amene iye sanapondemo.

Ndamuuza kuti mwana wanga akukwera ndege Lachinayi, wa ku Poland.
Wati, "Madala, kumeneko makoma ali ndi maso awiri, obulungira,"
ngati kuti mchombo wake anakwirira komweko.

Wayamba ndi chachikulu, chonga theka la njerwa.
Ukakankha apa, Amereka watulutsa malilime;
ukakankha apo, Ulaya wasuzumira ngati nyanga za nkhono.
Madola khumi ndi awiri.
Ndachigwedeza pafupi ndi khutu. Mkatimo, khochokhocho.
Zaka makumi atatu ndakoka mawaya ku khonsolo ya mzinda uno,
chinthu cholira chisanagwire ntchito ndimadziwa mathero ake.
Komanso sutikesi ya Mwandida taiyeza katatu
pa sikelo ya nyama kubutchala kwa a Nkhwazi,
ndipo kuti muvi ukhale pamene a ndege akufuna
mayi ake achotsamo botolo la chiponde, kenaka bulangete,
kenaka atuluka panja osanena kumene akupita.

Ndiye ndatola kakang'ono, konga bokosi la machesi.
Kumsana mabowo atatu, olandira mano a kwathu;
kumaso timiyendo tiwiri toonda, ta eni dziko.
Ndakanikiza ndi chala. Sikakulira.
Ndalowetsamo pulagi ya foni yanga, yagwira ndithu, kuchotsa mpaka kulimbana.
Kameneka sikawonjezera moto, sikachepetsa,
kamangobwereka pakamwa.

Bambo anga anabwera kuno wapansi, kudzera ku Tete,
atanyamula Chichewa cha ku Ntcheu ndi lumo limodzi.
Panalibe wowagulitsa kanthu kotere.
Anadzipala okha lilime pa zipupa za Mbare
mpaka linalowa, ngakhale mopendekera,
ana akuwaseka pa mawu alionse okhala ndi ra.
Usiku ankathetheka. Ife tinkayesa ukali chabe.
Ali ku manda a Mbudzi tsopano, mzere wa kufupi ndi njanji.

Mwandida, ndakuonapo iwe
ukutokosa bowo lapamwamba ndi chivindikiro cha bolopeni
kuti pulagi ya mano awiri ilowe mokakamiza.
Kuno tinazolowera, magetsi ake amabwera pakati pa usiku ngati mbava.
Kumeneko usakatero.
Khoma la eni sulidziwa chimene labisa.

Ndagula tiwiri, poti kamodzi kamatsalira pa bwalo la ndege
kapena kwa mnzako wakuti ndibweza mawa.
Takesure alibe chenje.
Wandipatsa fyuzi imodzi ndi maswiti atatu a minti,
wati, "Akakafika atume wina, ndili pompano."

M'kombi ndatifumbata m'thumba la jekete njira yonse.
Pofika kunyumba ndazungulira chipinda ndi chipinda,
kukhitchini, kuseri kwa firiji, pansi pa bedi pamene pali soketi yakale ija,
ndipo m'pamene ndazindikira:
m'nyumba muno mulibe khoma loti ndiyeserepo.
Ine amene sindinaperekepo ngakhale babu ndisanaliyatse,
ndikupereka chinthu chimene chidzayankhe koyamba
m'chipinda chimene sindidzachiona.

Kamodzi ndakaika m'nsapato yake yakumanzere, yakuda ija,
ndatsekapo ndi sokosi.
Kenako kali m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi pasipoti.
Fyuzi ndasunga ine.
Maswiti wadya mng'ono wake.

Lachisanu m'mawa foni yanga idzakhala pawindo, yodzaza,
ine ndili pambali pake ndi tiyi wozizira,
kudikira kuti ndimve ngati khoma la ku Poland lavomera.