Mpando wa Okwera

Lachiwiri m'mawa, chipale chofewa chikugwa pa Szolnok.
Mayi Etelka Rácz atsegulanso nkhani yaifupi ija,
masamba khumi ndi anayi, achikasu ngati mano a wosuta fodya:
mkulu wopalasa bwato pa mtsinje wa Tisza
amene anakana kumva zoti mlatho watha kumangidwa.
Tsiku lililonse ankaoloka yekha,
kufika tsidya, kudikira, n'kubwerera.

Boglárka akuti bwato ndi dzulo, mlatho ndi mawa.
Yankho la pamayeso limenelo, amuchongera.
Koma Zalán, wakumbuyo uja wosalemba notsi,
wafunsa osakweza n'komwe mkono:
Nanga bwanji pa tsamba lachisanu ndi chinayi
mkuluyo akupakabe utoto mpando wa okwera?
Wodana ndi anthu sapaka utoto mpando.

Kalasi yonse yangoti zii.

Zaka makumi atatu mayiwa akhala akulemba pabolodi mawu omwewo:
kuuma mutu, kunyada, mantha.
Lero choko chawathyokera m'manja.
Bolodi yamagetsi imene sukulu inagula chaka chatha
ili pakona apo,
anaifunditsa okha nsalu ya patebulo.

Madzulo akwera basi yodutsa pamlatho.
Apukuta nthunzi pagalasi ndi chigongono,
maso pa madzi akuda pansipo.
Palibe bwato. Sanayembekeze kuti likhalapo.

Kunyumba atsitsa makapu awiri monga mwa masiku onse,
ketulo ikulira,
ndipo aima nayo m'manja kapu yachiwiriyo,
osaibweza m'kabati,
osaithira tiyi.