Dontho la Khofi pa Pepala Lachisanu

Pansi pa bwalo la ayezi pali kachipinda
konunkha chinyontho ndi magolovesi akale.
Andiika m'menemo, ine ndi makatoni khumi ndi anayi,
mwezi wa Febuluwale, kumpoto kwa Minnesota,
kumene mawu amauma mlengalenga asanafike kwa mnzako.

Pamwamba, pakhoma, chikwangwani chamkuwa chikuti:
Eino Rauhala, goloboyi,
mphindi 312 ukonde osagwedezeka.
Anyamata a koleji amachisisita akamalowa m'bwalo
mpaka dzinalo lachita kung'anima.

Ine sindisisita. Ndimawerengera.

Masewero oyamba: ziro.
Achiwiri: ziro, siginecha ya woyimbira yokhota ngati mbedza.
Achitatu anapitirira nthawi,
koma wopanga chikwangwani anaiwala mphindi zinayi ndi theka.
Ndamubwezera Eino zake, ndikusekerera ndekha
ngati ndatola ndalama m'thumba la jekete yakale.
Achinayi: ziro.

Pepala lachisanu ndilo landisowetsa tulo.
Chigawo chomaliza, kaphale kakuda kanalowa,
ndipo pomwe analemba nthawi
wina anadonthezera khofi zaka makumi asanu zapitazo.
18:40? Kapena 8:40?
Kamzere kamodzi, kochepa ngati nsidze,
kamira m'dontho lofiirira,
kapena sikanalipo n'komwe.

Bwenzi nditatseka katoni n'kupita kwathu
pakadapanda Dashiell Okerlund,
amene Loweruka lapitali anagoletsedwa pa mphindi 309,
nagwada pa ayezi, chigoba chili kumaso
kuti tisaone.
Ngati kamzereko kalipo, mwanayo anaperewera.
Ngati palibe, anadutsa kale osadziwa,
ndipo analirira maliro a munthu wamoyo.

Nyuzipepala ziwiri zikugwirizana: 18:40.
Koma zonse zalakwitsa dzina la wogoletsa mofanana.
Mboni ziwiri, diso limodzi.
Tepi ya wayilesi ikuthera m'phokoso la mkuntho.
Wosunga nthawi, Mayi Lindqvist, anagona kalekale
kuseri kwa tchalitchi, pansi pa chipale.

Ndiye ndinaimba foni.

Anayankha chopukusira chikulira kumbuyo;
amanola nsapato za pa ayezi mpaka lero.
"Wotchi?" anaseka. "Goloboyi woyang'ana wotchi
amatola kaphale mu ukonde.
Chomwe ndikukumbuka n'chakuti kanagunda chitsulo chakumanzere,
ngwee, kenaka zii.
Nditadzutsa mutu ndinaona bambo anga
ataima pamzere wachitatu, atavula chipewa."

Ndinafunsa: anakhala mpaka kumapeto?

Chopukusira chinazima.

"Bambo sanaonepo mapeto a masewero anga.
Basi ya kumgodi inkanyamuka naini koloko.
Chigawo chomaliza chikafika pakati
ankanyamula chitini chawo cha chakudya, n'kutuluka."

Tonse tinakhala chete,
aliyense akuchotsera khumi kumbali yake ya waya.

Si umboni umenewo, ndinatero.
Mwina tsikulo anajomba. Mwina basi inachedwa ndi mkuntho.
"Mwina," anatero Eino.
"Koma munthu uja anajombapo kamodzi kokha,
ndipo tinamunyamula anthu asanu ndi mmodzi."

Usiku uno makina osalaza ayezi akuzungulira pamutu panga,
akufufuta mikwasa yonse ya tsikuli.
Ntchito yawo ndi yosavuta.
Ine ndalemba ndi pensulo, osati inki:
306 ndi theka, mwina.
Mawa ndipita ku ofesi ya mgodi
kukapempha kaundula wa olowa usiku,
ngati mbewa zinasiyako mwezi umenewo.

Asanadule foni anandifunsa chimodzi chokha,
osati za chikwangwani,
osati za dzina lake losisitidwalo:
"Mwana wa Okerlundyo,
bambo ake amabwera kudzaonera?
Amakhala mpaka kumapeto?"

Zimenezo sizili mu katoni iliyonse.
Ndayang'ana.