Mfuti Yosadikira

Ku Limbe, m'chipinda chonunkha girizi,
a Makuluni anayala nsalu pa kauntala
n'kugonekapo mfuti zitatu, milomo italoza kukhoma.
Chikalata cha kupolisi chinali m'thumba langa la pamtima,
chonyowa ndi thukuta la Okutobala.
Miyezi isanu ndi iwiri ndinachiyendera,
mpaka nsapato inatseguka kukamwa.

"Mukuifunira chiyani, achimwene?"
Ndinati nguluwe.
Zandithera chinangwa ku Kunthembwe,
zimalowa m'munda ngati zinalima nawo.
Ndinatinso Loweruka ndimafuna ndiziboola pepala
pamodzi ndi anzanga opuma pantchito,
aja amakangana za kadontho kakuda
ngati malire a dimba.

Yoyamba inandilemera ngati mpini wauwisi.
Yachiwiri thako lake linali lalitali,
chala changa chimachita kupempha kuti chifike.
Yachitatu inakhala paphewa phee,
ngati tinadziwana kale.

"Imeneyo imadzidyetsa yokha," anatero a Makuluni.
"Mukakoka kamodzi, yalavula khoko,
chipolopolo china chakhala kale pakhomo.
Simuchotsa diso, simutsitsa mkono.
Nguluwe ikakuphonyetsani koyamba,
kachiwiri siikupatsani mpata,
ndiye inunso musaipatse."

Ndinafunsa za msinkhu wa zipolopolo,
ngati zimapezeka mvula ikagwa,
ngati imakankha kwambiri, poti phewa ili linathyokapo.
Anayankha zonse, mosathamanga.
Koma ine ndinali nditachoka kale m'chipindamo.

Ndinali pa msanja wa m'munda, mwana wa zaka khumi,
nditafunda chiguduli pambali pa bambo
ndi gogodela wawo womanga ndi waya.
Mfuti ija inali yaulesi.
Onga uthire, usinje ndi kandodo,
timisomali todula ulowetse, usinjenso.
Pakati pa kuwomba koyamba ndi kwachiwiri
munthu unkatha kupichira fodya,
kapena kukhululukira m'bale wako.

Usiku umenewo mapesi anachita tswatswa.
Bambo anawomba. Phuu! Utsi, makutu gwaa.
Anaphonya.
Akusinja onga wachiwiri, manja akunjenjemera,
m'mapesi muja munamveka chifuwa.
Kho. Kho.
Nguluwe sitsokomola choncho.

Anatuluka Dafuleni, mwana wa kutsidya,
mikono m'mwamba, chingwe cha mbuzi yotayika m'dzanja,
kabudula atanyowa.
Bambo anakhala pansi pa mzere
ndipo sanalankhule mpaka tambala woyamba.

Dafuleni lero amawotcherera zitseko ku Chirimba.
Ali ndi ana anayi, wina akuphunzira unamwino.
Onsewo anabadwira m'kamphindi kaja
kandodo kakulowa ndi kutuluka mu mpope wa gogodela.

"Achimwene, mwagona?"
Ayi, ndinati, ndikuwerengera.
Iwo ankayesa ndikunena ndalama.

Ndinatenga yachitatu yomweyo.
Musandifunse, maso anga akutha,
ndipo chinangwa sichidikira nzeru za munthu.
Ndinagulanso loko, kabokosi kachitsulo,
ndi tochi yowala ngati ya galimoto,
imene a Makuluni anati sikofunikira kwenikweni.
Ndinati imeneyo ndiye yoyamba kulongedza.

Mlamu wanga anandinyamula pa pikapu yake.
Pa Ginnery Corner tinaima nthawi yaitali,
ana a sukulu akuoloka mwa chipwirikiti,
wina nsapato m'manja.
Michiru anali atavala utsi wa lupsa.
Mlamu anafunsa kuti imalowa zingati.
Ndinamuuza.
Anaimba mluzu.

Loweruka ndimaidzaza, inde,
ndipo makoko amadumpha ngati ziwala pa udzu wouma,
anzanga n'kumati mkuluyu wabwerera unyamata.
Pepala silitsokomola.

Koma ndikamakwera msanja ku Kunthembwe
ndimalowetsa chimodzi chokha.
Zinazo zimakhala m'thumba la jekete,
lija la zipi yovuta,
imene mkazi wanga wakhala akufuna kuikonza
ndipo ine ndimangoti mawa.