Liwu Losowa pa Tsamba Lachitatu

Herminia wandibwezera buku langa
atazunguliza liwu limodzi ndi inki yofiira.
Akuti ndalemba "wotengeka" kasanu ndi kanayi
m'mutu woyamba wokha.
Akuti ndipeze lina Lachisanu lisanafike.

Ndiye ndakhala pazenera kuno ku Valparaíso,
nkhungu yaphimba doko, agalu agona pamasitepe,
ndikuyesa mawu limodzilimodzi
ngati nsapato za pa kaunjika.

Wopupuluma? Ayi.
Wopupuluma amasaina kalata asanawerenge,
pamene Evaristo wanga amawerenga kawiri, mokweza,
n'kuitana aneba kuti adzamve nawo.
Waphuma amaiwala chenje pasitolo.
Wajijirijijiri ali ndi kanthu kamene akufuna,
maso ake ali pa mbale ya mnzake.
Wamtima wapachala ndiye kutalitali:
ameneyo amayaka kuti atenthe munthu,
uyu amangoyaka ngati machesi m'manja mwa mwana
wodabwa kuti kamtengo katulutsa kuwala.

Ndayesa wosakhazikika, likununkha kuchipatala.
Ndayesa wachibwana, ndafufuta msanga,
poti ndi limene amayi ankaponya
akatopa.

Chimene Herminia sakudziwa
n'chakuti Evaristo ndi bambo anga,
ndangowasintha dzina ndi chipewa.
Zaka makumi atatu akuyendetsa chikepe
chokweza anthu paphiri la Artillería,
njanji yomweyo, madenga omwewo,
koma ulendo uliwonse: taonani! taonani!
Sitima ikalira padoko, iwo dzambatu,
supuni pansi, msuzi pamalaya,
liwiro la pakhonde kukatchula mbendera.
Malalanje akatsika mtengo kumsika
ankabwera ndi thumba lathunthu, thukuta kamukamu,
ngati apambana mpikisano.
Tsiku lina adaimitsa basi yodzaza
kuti dalaivala aone utawaleza.
Ine, wa zaka khumi ndi ziwiri,
ndidabisa nkhope kuseri kwa chikwama
n'kuuza mayi woyandikana nane kuti sindikuwadziwa.

Lero ali apo pampando, bulangete m'miyendo.
Chiwagwireni sitiroko mu Julaye
lilime lidalemera, dzanja lamanja lidagona.
M'nyumba muli zii.
Aneba akuti mkuluyu tsopano wadekha,
amanena ngati ndi mendulo.
Pajatu amati kuona maso a nkhono n'kudekha,
koma bambo ankawaona ali chithamangire
n'kutidzutsa tonse kuti tidzaone nawo.

Ndatsegula dikishonale, ndatseka.
Wokondwa msanga. Wosaugwira mtima. Wosachedwa kulumpha.
Onsewa ndi majekete a eni ake,
ena akuthina m'mapewa,
ena manja ake akufika m'mawondo.

Kenaka, cha m'ma faifi, nkhungu itayamba kung'ambika,
sitima ina yalira kumunsi, kamodzi, motalika.
Kapu ya tiyi yagwedezeka patebulo.
Ndacheuka.
Phazi lamanzere likusaka silipasi pansi pa mpando,
maso ali tong'o,
chala chimodzi chikuloza zenera,
mlomo ukulimbana ndi liwu
limene ndalizindikira lisanatuluke.

Ndakankha mpando mpaka pakhonde.
Mbendera yake ine sindikuidziwa. Iwo akuidziwa.
Akumenya bulangete ndi dzanja lotsalalo,
akuseka ndi mbali imodzi ya nkhope,
ndipo agalu a pamasitepe adzuka.
M'mbuyo mwathu tiyi watayikira pa tsamba lachitatu,
inki ya Herminia ikuyenda pang'onopang'ono
kulowera kumphepete kwa tebulo.

Lachisanu ndidzamuuza kuti liwulo sindinalipeze.
Pamalo pake ndaikapo supuni,
msuzi pamalaya,
basi yoima pakati pa msewu,
anthu makumi anayi akung'ung'udza poyang'ana mawotchi,
ndi bambo mmodzi pachitseko, chipewa m'manja,
akuloza kumwamba.
Ndaikaponso kamtsikana pampando wakumbuyo.
Ulendo uno katsitsa chikwama.