Alendi Awiri pa Seva Imodzi

Lachinayi usiku ku Kamwala,
mashopu onse atsitsa zitseko zamalata.
Ndatsala ndekha pamwamba pa sitolo ya nsapato
ndi laputopu yotentha ngati simbi yamakala.

Seva imeneyi sindinaionepo ndi maso.
Akuti ili m'nyumba yozizira kwinakwake.
Ine ndimangogogoda ndi mawu achinsinsi,
iyo n'kunditsegulira zenera lakuda,
kamzere koyera kakuphethira: nena, ndikumva.

Muli kale munthu m'nyumbamu.
Yotamu Sakala anaikamo vezhoni yakale
zaka zisanu zapitazo, n'kusamukira ku Kitwe
osasiya ngakhale kapepala.
Pa vezhoniyo patsamira malisiti onse a Mai Zelipa,
ngongole za atelala khumi ndi awiri,
mayina a onse otenga nsalu n'kulonjeza Loweruka.
Ndikangoigwedeza, foni yanga ilira mawa
ndisanatsuke n'komwe m'kamwa.

Koma chimango chatsopano chakana:
sindigona pamphasa ya nkhalambayi,
ndikufuna chinenero cha chaka chino.

Ndiye ndaitana woyang'anira mavezhoni.
Ali ngati landilodi wathu wa ku Kalingalinga
amene anaphunzira kalekale
kuti alendi awiri sagawana ndowa:
aliyense chitseko chake, loko wake, chingwe chake choyanikira,
bwalo lokha ndiye limodzi.

Ndalemba mzere umodzi. Ndadina.
Manambala akukwera ngati minibasi ya ku Chilenje,
makumi anayi pa zana, yaima,
kondakitala akudikira mmodzi wina.
Bandulo yanga ikusungunuka ndikuona.

Kenako zofiira.
Laibulale ina palibe, akutero,
dzina lake lalitali ngati la mankhwala a shuga.
Ndaisaka, ndaiika, ndayambanso.
Zofiiranso: amene ukumuitanayo sindikumudziwa.
Theka la ola ndatukwana makina
pomwe wolakwa ndi ine:
ndamanga chipinda bwinobwino
osalambula njira yofika pakhomo pake.

Magetsi thi!
Kamwala yense wameza malovu.
A Njobvu, mlonda wa pansipa, akwera ndi tochi.
"Mukupanga chiyani mumdima, mwana wanga?"
"Ndikumanga nyumba."
Aunika pansi, aunika kudenga, aunika ine.
"Nanga njerwa?"
Atsika akuseka, nsapato zikulira pamasitepe.

Kumene kuli seva kukuwala ndithu,
mdimawu ndi wanga ndekha,
ndi batire lotsala pang'ono ngati sopo wa kumapeto kwa mwezi.

Ndalemba njira ija. Ndatseka zenera, ndatsegulanso.
Zidutswa zikubwera tsopano, china chikoka chinzake,
china chikoka mlamu wake,
alendo a paukwati amene sindinawaitane
koma popanda iwo mwambo suyenda.

Ndalowa m'chipinda chatsopano: ndiwe yani?
Wayankha ndi nambala ya chaka chino.
Ndabwerera m'chakale, mtima uli m'mwamba: nanga iwe?
Nkhalamba yatchula nambala yake yomwe ija,
osadziwa n'komwe kuti yapeza mnansi.
Ngongole ya telala Mabvuto ikadali pomwepo,
makwacha mazana atatu, sinasunthe.

Tsamba latsopano latseguka.
Mulibe kanthu, moni chabe,
khoma loyera losapachikapo kalendala.
Mai Zelipa akaliona mawa adzati,
usiku wonse, chimenechi basi?
Ndidzavomera.

Batire likuphethira zofiira nalonso,
koma ndisanatseke ndatsegula fayilo imodzi.
Ndalemba tsiku, vezhoni iyi ndi ya chiyani, iyo ndi ya yani,
pamene ndinapunthwa, ndi mwala umene unandipunthwitsa.
Pansi pake nambala yanga ya foni,
poti nanenso tsiku lina ndidzakwera basi.

A Njobvu akugwedeza makiyi pageti.
Akufuna kudziwa ngati denga ndafolera.