Nachifuwa

Ntchito yanga ndi nkhope za anthu:
za pa chiphaso, za pa ukwati, za makanda a ubatizo,
"dzutsani chibwano, musaphethire."
Koma m'kope la masamu lomwe mwana wanga anataya
ndimalembamo manambala a injini za sitima,
tsiku, ola, ndi zimene zinakoka:
feteleza, simenti, chimanga cha chaka cha njala.
Akazi anga amati ndi misala yosavula.

A Jailosi Kamphambale, amene anakalambira m'girisi,
zikhadabo zakuda ngakhale pa Mgonero,
ndiwo anandiuza za iyo.
"Zinabwera zinayi zokha za mtundu umenewo,
za mphuno yaifupi ngati nkhumba ya chizungu.
Imodzi inagona cham'mbali m'dambo, mvula ili pakati.
Ina tinaisenda tokha kuti tichize inzake,
lero pisitoni, mawa nyali, mpaka inatsala nthiti.
Yachitatu anaikweza pa sikelo ogula zitsulo.
Yatsala imodzi. Timaitcha Nachifuwa,
chifukwa isananyamuke imatsokomola katatu
ngati mkulu wofuna kulankhula pa maliro."

Ndinaidikira miyezi isanu ndi iwiri.
Wa pa siteshoni ya Mchinji ankangoti mawa,
akusenda mtedza, maso ali kwina.
Ndinkaika khutu pa njanji ngati mzamba pa mimba,
ndinkangopsa tsaya.
Filimu nayo inkatha:
ukwati wa ku Kamwendo unadya makumi awiri,
mpira wa ku Kholoni khumi ndi zisanu.
Chinatsala chimodzi. Ndinachimana aliyense,
ngakhale mlamu wanga ndi suti yake yatsopano.

Linali Lachiwiri, Okutobala akuswa mitu.
Agalu a kumsika ndiwo anayamba kudziwa,
kenako malata a golosale ananjenjemera.
Ndinasiya mayi wina akumanga duku pa mpando,
ndinathamanga ndi patapata mmodzi.

Inatulukira kum'mawa, ikukwawa,
utsi utaima pamsana pake ngati bulugama,
penti itasupuka, nambala itatsala theka,
mabogi asanu ndi anayi akutsata mwamanyazi
ngati operekeza mkwatibwi.
Ndinagwada pa miyala yotentha.
Ndinagwira mpweya. Chala chinatsika,

ndipo Lufeyo wa kabaza,
ndi thumba la makala ndi nkhuku ziwiri pa handulo,
anadutsa pakati pa ine ndi zaka makumi atatu.

Anakatsuka ku Lilongwe. Nachi pa khoma.
Lufeyo akuoneka bwinobwino, mano onse pamtunda,
nkhuku imodzi ikundiyang'ana m'maso ngati ndili nayo ngongole.
Kumbuyo kwawo chimthunzi chachikulu,
nyali imodzi, ndi dzanja la dalaivala
lotulukira pa windo,
likupatsa moni munthu amene sindikumudziwa.

Sindinaionenso.
Ena amati ili m'shedi kumwera, njiwa zikuikira m'menemo;
ena amati inasanduka makasu ndi mbaula.
M'kope mwanga mzere wake ulibe mapeto.
Pa njanji amayi ayanikapo zovala,
miyala ya pansi pake imayenda usiku
kukalowa m'maziko a nyumba za eni.
Lufeyo anagula njinga yamoto;
amabwera ndi anzake kudzaonetsa "chithunzi changa".

A Jailosi tinawaika mvula yathayi.
Asanapite anafika pa situdiyo,
navala magalasi omanga ndi ulusi.
Anayang'ana nthawi yaitali.
Lufeyo sanamuone. Nkhuku sanazione.
Anaika chala pa chimthunzi chija, pansi pa nyali,
nati, "Apa pankadontha oilo.
Ndinawauza abwana, kawiri konse."

Chidindo cha chalacho chikadali pa galasi.
Akazi anga akabwera ndi kansanza Loweruka
ndimawauza: pukutani paliponse,
ngakhale mano a Lufeyo,
koma apo ayi.